Gemu ilipo Loweruka, mliri nawo ulipo: zoti muganizire musanalembe dzina

Uthenga umabwera pa gulupu ya WhatsApp Lachinayi usiku, kaputeni walemba kuti "Loweruka gemu ilipo, amene akubwera alembe dzina", ndiye mukungoona mayina akutsika limodzilimodzi, inu chala chili pa foni koma mtima ukukana poti kunja kuno kuli mliri ndipo dzulo lomweli mwamva zoti mnzanu wina wagonekedwa. Mukalemba dzina mugona ndi nkhawa, mukapanda kulemba anzanu ati mwayamba mantha. Ine ndinadutsamo nthawi ya COVID-19, katimu kathu ka anthu ongosewera kuti thukuta lituluke kanatsala pang'ono kugawikana chifukwa cha nkhani yomweyi, ena akuti "panja palibe vuto" ena akuti "mukufuna kutipha". Onse ankanena zoona pang'ono, koma onse ankakangana za mphindi 90 za m'bwalo zija, pomwe vuto lenileni nthawi zambiri limakhala pa zomwe zimachitika gemu isanayambe ndi ikatha. Ndiye nazi zomwe ndimayang'ana, motsatana kwake.

Yambani ndi kudziwa kuti matendawo akuyenda bwanji. Zikumveka ngati zachidziwikire koma apa ndi pomwe ambiri tinaphonya mu 2020. Tinkatsuka mpira ndi sanitaiza mpaka kumachita kuterera, kupukuta mapolo a golo, kenako nkukathithikana anthu asanu m'galimoto imodzi mawindo otseka. Kachilombo ka COVID-19 kamayenda kwambiri mu mpweya, mu timadontho tomwe timatuluka munthu akamapuma, kulankhula, kukuwa kapena kutsokomola, ndipo tina timakhala ting'onoting'ono moti timayandama m'chipinda kwa nthawi ndithu. Panja mphepo imatimwaza msanga, ndiye chifukwa chake kutengera panja kumachepa kwambiri poyerekeza ndi m'nyumba, pomwe kutengera pogwira zinthu ngati mpira kunapezeka kuti nkochepa. Koma mliri uliwonse uli ndi njira yake. Ukakhala wa mpox nkhani yaikulu ndi khungu kukhudzana ndi khungu, zilonda, jezi ndi thaulo zobwerekana, apa kukhala panja sikukupulumutsani kwenikweni ngati mukugwirana. Ukakhala wa matenda otsegula m'mimba diso lanu likhale pa madzi akumwa ndi m'manja. Zonse zomwe zikubwera m'munsimu muziziwerenga muli ndi yankho la funso limeneli m'mutu.

Kenako onani zomwe azaumoyo ndi malamulo a komwe muliko akunena. Ngati aletsa misonkhano kapena masewera a magulu, nkhani yathera pomwepo, palibenso zoyeza. Ngati sanaletse sizikutanthauza kuti zonse zili bwino, lamulo limabwera mochedwa kusiyana ndi kachilombo. Tengani chitsanzo cha pa 11 March 2020, tsiku lomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, usiku womwewo Liverpool inasewera ndi Atletico Madrid pa Anfield sitediyamu itadzaza, ndi masapota pafupifupi 3,000 ochokera ku Madrid komwe matenda anali atavuta kale. Zinali zololedwa. Ndiye inu muyang'ane nokha ngati chiwerengero cha odwala chikukwera kapena chikutsika m'masabata awiri apitawa, osati cha tsiku limodzi. WHO inkapereka muyeso woti mwa anthu 100 oyezedwa, opezeka nako asapitirire 5 kwa masiku 14 ndiye kuti zinthu zayamba kugwirika. Ndipo pali china chomwe anthu ampira timaiwala: zipatala zikadzaza, ngakhale musatenge kachilombo, mukathyoka mwendo kapena kugundana mitu pa kona mukupita kuti? Mukakhala pamzere maola ambiri pakati pa anthu otsokomola, nkuwonjezeranso ntchito kwa manesi omwe atopa kale. Ine zipatala zikadzaza sindisewera gemu yolimbirana, basi.

Chachitatu ndi inuyo, ndi anthu omwe mumagona nawo nyumba imodzi. Apa musadzinamize. Kwa COVID-19 amene ankadwala kwambiri ndi achikulire makamaka opitirira zaka 60, odwala shuga, BP, mtima, impso, m'mapapo, onenepa kwambiri, amayi oyembekezera ndi omwe chitetezo chawo cham'thupi ndi chofooka. Mwina inu muli ndi zaka 24 ndipo mumathamanga ngati simutopa, chabwino, koma mukaweruka ku gemu mukukakhala pampando umodzi ndi ndani? Ngati kunyumba kuli agogo, kapena mayi anu amamwa mankhwala a shuga, ndiye kuti pa sikelo paja mukuikapo moyo wawo pomwe iwo sanafunsidwe nkomwe. Afunseni. Ine ndinawafunsa bambo anga omwe panthawiyo ankakhala kwathu, anangoti "pita koma ukabwera usandiyandikire", ndipo yankho limenelo linandiuza kuti mumtima sakufuna, ndinakhala miyezi iwiri osapita. Katemera ngati alipo amasintha masamu onsewa chifukwa amachepetsa kwambiri kudwala modetsa nkhawa, koma kumbukirani kuti thupi limafuna pafupifupi masabata awiri mutabayitsa kuti chitetezo chikhwime, komanso wobayitsa atha kutengabe nkupatsira ena.

Tsopano masewera enieniwo. Mafunso ndi atatu: mumayandikana bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mumayang'anizana nkhope kapena ayi. Bungwe la CDC la ku America linkati munthu wakhudzana ndi wodwala ngati anakhala naye pafupi, osafika mamita 2, kwa mphindi 15 mukaphatikiza zonse pa maola 24. Nde mpira wamiyendo ukauona pa TV umaoneka ngati anthu akungogundana nthawi zonse koma zoona zake bwalo ndi lalikulu ndipo anthu 22 amamwazikana. Akatswiri ena a ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark anatenga mayendedwe a osewera m'magemu a ligi yakwawo nkuwerengera, anapeza kuti pa gemu yonse wosewera amakhala pafupi ndi munthu mmodzi yemwe angakhale ndi kachilombo kwa pafupifupi mphindi imodzi ndi theka basi. Zochepa ndithu. Koma osewera amenewo ndi a ligi yaikulu, amadziwa kutsegula bwalo. Ife ena, ndi ana makamaka, mpira ukapita uko tonse tili komweko ngati njuchi, ndiye musatenge nambala imeneyo ngati yanu.

Mu mpira wamiyendo malo othithikana ndi odziwika: kona, khoma la firikiki, kuzungulira refa pokangana naye, ndi chigoli chikalowa pomwe anthu khumi amagwerana pamwamba akukuwa pankhope pa mnzawo. Mpira wamanja uli ndi lamulo loti wotchinga aime masentimita 90 kuchokera kwa yemwe wagwira mpira, koma ameneyo ndi mtunda waufupi, ndipo mumakhala ndi munthu mmodzi yemweyo gemu yonse mukupumirana wefuwefu, pa kabwalo kakang'ono. Basiketibo ndi chimodzimodzi kapena kuposa. Rugby ndiye osanena, sikiramu ndi anthu 16 mitu pamodzi. Volebo ili bwinoko poti pali neti pakati, ngakhale pa buloko mumakumana nkhope. Cricket anthu amatalikirana mwachilengedwe, vuto lawo linali lopaka malovu pa mpira, zomwe bungwe loyendetsa cricket padziko lonse la ICC linaletsa mu June 2020. Ndiye ikani masewera anu penapake pamzere umenewu, kuyambira otalikirana mpaka ogwirana, ndipo dziwani kuti munthu amene akuthamanga amapuma mpweya wochuluka kangapo kuposa wongokhala, kutulutsa ndi kulowetsa komwe.

Apa ndiye pomwe ndikufuna tikhalitsepo, zozungulira gemu. Tengani pepala mulembe tsiku lonse la gemu kuyambira pomwe mwatseka chitseko kwanu mpaka kubwerera, ndipo paliponse pomwe mukhale pansi pa denga kapena m'galimoto ndi anthu a nyumba zina mujambule mzere. Mudabwa.

Ulendo ndi woyamba. Mphindi 40 m'galimoto yotseka mawindo ndi anthu anayi zimaposa kutali gemu yonse pa chiopsezo chotenga matenda. Ife zinatichitikira: tsiku lina kunkagwa mvula, tinakwera asanu, mawindo tinatseka mpaka galasi lakutsogolo linachita nthunzi woyendetsa akumapukuta ndi jezi, kumbuyoku difenda wathu akufwenthera nkumati "aaa ndi kachimfine chabe aka, ndinagona ndi fani". Tinaseka, tinaimba nyimbo njira yonse. Pofika Lachitatu atatu mwa ife tinali chigonere, pomwe anyamata a timu ina omwe iye ankalimbana nawo m'bwalo, kuphatikizapo sitiraika yemwe anamukakamira gemu yonse, sitinamve kuti wina wadwala. Sindinganene kuti umenewu ndi umboni wa sayansi koma kuyambira pomwepo ine nthunzi ya pagalasi ndimaiona mwina, umenewo ndi mpweya wa anzanu womwe mukupumanso. Ndiye ngati nkotheka aliyense abwere payekha, wapansi kapena panjinga. Ngati sizitheka, anthu ochepa m'galimoto, mawindo otsegula mbali zonse ziwiri ngakhale kuzizire, masiki kumaso, ndipo okwera limodzi akhale omwewo sabata iliyonse osati kusinthasintha.

Chipinda chosinthira chitsekeni kaye. Bwerani mutavala kale, mukasambe kwanu. Timu toko ya kochi ichitikire panja mutatalikirana, osati bwalo lija logwirana mapewa mitu pansi. Pa benchi napo anthu amakhala mapewa kugundana kwa ola lathunthu akukuwira anzawo, atalikitseni, ena akhale pa udzu. Botolo la madzi aliyense lake lolemba dzina, ndipo ili ndi lamulo lomwe limasweka msanga kuposa onse chifukwa pa hafu taimu munthu ludzu litamugwira amangotola lomwe lili pafupi, nde muike munthu mmodzi woyang'anira zimenezi. Mabibu osasinthana ali ndi thukuta, wezulo ya refa isabwerekedwe, magolovesi a goloboyi akhale ake okha, kulavula ndi kumina paliponse kuthe. Kusamba m'manja ndi sopo masekondi 20, kapena sanitaiza ya alikoholo wosachepera 60 peresenti, musanayambe ndi mukamaliza.

Ndiye pali pambuyo pa gemu, pomwe tonse timapakonda kuposa gemu yeniyeniyo. Mwasamala tsiku lonse kenako nkukakhala maola atatu m'kachipinda kodzaza mukukambirana za penate ija, mawu ali pamwamba. Gemu ya Atalanta ndi Valencia pa 19 February 2020 ku San Siro mumzinda wa Milan imatchulidwa kwambiri pa nkhani ya mmene matenda anafalikira ku Bergamo, mzinda wa ku Italy komwe ndi kwawo kwa Atalanta, ndipo mukaiganizira bwino nkhani si ya osewera 22 aja, ndi ya anthu pafupifupi 40,000 omwe anayenda ulendo m'mabasi, m'sitima ndi m'magalimoto, kukumbatirana pa zigoli zinayi zomwe Atalanta inamwetsa, ndi ena ambiri omwe anaonera atathithikana m'nyumba ndi m'mabala. Kwa timu yaing'ono phunziro ndi lomwelo. Ngati mukufuna kucheza chezerani pabwalo pomwepo, panja, pang'ono, kenako aliyense kwawo. Masapota achepe kapena asabwere kaye.

Za masiki mwachidule: WHO inkalangiza kuti musavale pamene mukuchita masewera olimba, poti imanyowa ndi thukuta nkumavuta kupuma. Valani m'galimoto, pa benchi ngati mwayandikana, ndi paliponse pa denga.

Sitepe yotsatira ndi kugwirizana malamulo tsiku la gemu lisanafike, molemba, pa gulupu pomwe aliyense aone. Chifukwa chake nchakuti pabwalo palibe amene amaganiza bwino, mukakhala muli 10 ndipo wa 11 wafika akutsokomola mudzamulola, ndikukuuzani. Lamulo lalikulu ndi loti amene ali ndi chizindikiro chilichonse, kutentha thupi, chifuwa, zilonda zapakhosi, mutu, kuphwanya m'thupi, kusamva fungo kapena kukoma, asabwere, ndipo amene kunyumba kwake kuli wodwala asabwerenso. Ndipo asanyozedwe. Ili ndi gawo lovuta chifukwa mu mpira timatamanda munthu wosewera akumva kupweteka, timati ndi mwamuna, ndiye munthu amabisa kuti asataye malo mu timu. Kochi anene poyera kuti wojomba chifukwa chodwala malo ake ali pomwepo.

Komabe chakudza sichiimba ng'oma. COVID-19 munthu amayamba kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri asanamve chilichonse, ena samva nkomwe mpaka kuchira, ndipo kuchokera potenga mpaka kudwala pamatha masiku 2 mpaka 14, kawirikawiri 5, pa mtundu wa kachilomboka wotchedwa Omicron kucheperapo ngati masiku 3. Ndiye lamulo la zizindikiro limagwira ena, ena limawaphonya. Ngati zoyezera zachangu zija zikupezeka, kuyeza m'mawa wa tsiku la gemu kumathandiza kuposa kuyeza masiku atatu m'mbuyo, ngakhale nazo zimaphonya nthawi zina. Lembani mayina a onse omwe abwera tsiku lililonse ndi omwe anakwera galimoto imodzi, kabuku kakang'ono kapena pa foni, mudzakafuna. Ndipo chepetsani kusakanikirana: kusewera nokhanokha anthu omwewo sabata ndi sabata ndi kosiyana kwambiri ndi kukumana ndi timu yatsopano sabata iliyonse, ndipo mpikisano wa tsiku limodzi wa matimu 8 ochokera madera osiyanasiyana ndiye woyamba kuuchotsa pa kalendala.

Wina pa gulupu adzanena kuti "koma akatswiri akusewera bwanji". Zoona, Bundesliga inayambiranso pa 16 May 2020, Premier League pa 17 June, ndipo NBA, ligi ya basiketibo ya ku America, inatsekera matimu 22 pamalo amodzi ku Orlando nkumaliza sizoni popanda wosewera kupezeka ndi kachilombo mkatimo. Koma amenewo ankayezedwa pafupipafupi, ku NBA tsiku lililonse, mabwalo opanda masapota, madokotala ali pomwepo, ndalama zankhaninkhani. Inu mukachoka pabwalo Lolemba muli kuntchito, mwana ali kusukulu. NBA yomweyo pa 11 March inaimitsa ligi yonse chifukwa cha wosewera mmodzi yekha yemwe anapezeka nako, ndipo ma Olympics a ku Tokyo anasunthidwa chaka chathunthu mpaka July 2021. Chomwe mungabwereke kwa iwo ndi chija bungwe lokhazikitsa malamulo a mpira wamiyendo la IFAB linalola mu May 2020, kusintha osewera asanu m'malo mwa atatu, poti anthu akabwerera atakhala nthawi yaitali minofu imakokana ndi kung'ambika msanga. Inunso musayambire pa mphindi 90.

Musaiwale mbali ina ya sikelo, chifukwa kusasewera nako kuli ndi mtengo wake. WHO imati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ana mphindi 60 pa tsiku, ndipo kwa ambiri a ife popanda timu ziro ndi yomwe imatsala, kuthamanga wekha kumatha sabata ziwiri basi. Pali tulo, pali shuga ndi BP zomwe zimakwera mukangokhala, pali mutu, ena mu timu yathu mpira wa Loweruka ndi pokhapo pomwe ankalankhula ndi munthu. Komanso dzifunseni kuti anyamatawa mukawaletsa mpira apita kuti. Ngati yankho ndi loti akaunjikana m'chipinda kuseweretsa gemu ya pa TV anthu asanu ndi atatu, ndiye bola bwalo. Nchifukwa chake yankho siliyenera kukhala eya kapena ayi basi, pali masitepe pakati. Zinthu zikavuta kwambiri, aliyense ndi mpira wake kapena awiriawiri kupatsirana patali. Zikayamba kutsika, timagulu ta anthu 5 kapena 6 osasintha, kupasa, kushuta, kuthamanga, popanda kulandana. Kenako timagemu tanokhanokha ta mphindi 20, kona yomenya mwachidule osadikira kuti anthu aunjikane. Gemu ndi timu ina ibwere pamapeto. Ndipo gwirizanani kuti chiwerengero chikayambanso kukwera mubwerera sitepe imodzi popanda kuitanitsanso msonkhano.

Wina akapezeka nako, ndipo mwina zidzachitika, auze kaputeni tsiku lomwelo. Tsegulani kabuku kaja muone omwe anali naye pafupi m'masiku awiri asanayambe kumva kudwala, makamaka a m'galimoto ndi a pa benchi, amenewo atsate zomwe azaumoyo akunena za kudzipatula ndi kuyezetsa. Timu yomwe munasewera nayo muiuzenso, nzochititsa manyazi pang'ono koma inunso mungafune kuuzidwa. Osafalitsa dzina la wodwala kunja kwa omwe akufunika kudziwa. Akapezeka awiri kapena atatu sabata imodzi imitsani zonse kwa masabata awiri.

Wodwalayo asathamangire kubwerera, ngakhale akhale sitiraika yekhayo amene mumadalira. Matenda a mavairasi, COVID-19 ngakhalenso fuluwenza, nthawi zina amatupitsa mnofu wa mtima, madokotala amati myocarditis, sizichitika kawirikawiri koma kuthamanga mtima uli choncho nkoopsa, ndipo amene wapezeka nalo vutoli amauzidwa kusiya masewera miyezi 3 mpaka 6. Malangizo omwe madokotala a zamasewera ku UK anatulutsa mu 2020 ankati munthu apume masiku osachepera 10 kuchokera pomwe anayamba kudwala, ndipo akhale masiku 7 opanda chizindikiro asanayambe, pambuyo pake masikuwa anachepetsedwa kwa odwala pang'ono, koma dongosolo lokwera pang'onopang'ono silinasinthe. Tsiku loyamba kuyenda ndawala kapena kuthamanga pang'ono mphindi 15 pa liwiro loti mutha kulankhula. Mukadzuka bwino mawa lake wonjezerani, kenako mpira kumapazi nokha, kenako tirenin'i ndi anzanu, gemu pomaliza, zonsezi zitenge sabata kapena kuposa. Mukamva kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, chizungulire, kapena kubanika pa kamtunda komwe kale munkadutsa mukuseka, imani pomwepo mukaonane ndi dokotala. Amene anagonekedwa m'chipatala, kapena ali ndi vuto la mtima kale, ayambe waonana ndi dokotala asanavale nkomwe nsapato. Difenda wathu wa kachimfine uja anabwerera patatha milungu isanu, ndipo gemu yake yoyamba tinamupatsa mphindi 20 zokha, akudandaula njira yonse yopita pa benchi.